Tsiku Limene Dzuwa Linatseka Wailesi ya Ababa

Ndinali Fomu 3 chaka chimene ababa anagwa. Anagwa kuseri kwa nyumba akukhoma mpini wa khasu, ndipo pofika nawo kuchipatala ku Liwonde mbali yonse ya kumanja inali itafa kale. Pakamwa panapotoka, mawu anathawa. Ena ankati ndi sitiroko, ena ankanong'onezana za hamala ya afiti. Ine sindinkati kanthu. Titabwera nawo kunyumba anthu ankadzaza pakhonde kudzazonda, azimayi a kutchalitchi akuimba, ena akupukuta misozi, ine n'kumangowayang'ana kumapazi kuti ndione amene wavala masilipasi osiyana mitundu. Mumtima mwanga munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ukautsina umaona zala zako zikutsina, koma osamva kanthu.

Kwathu n'kufupi ndi Ulongwe, ndipo pamsewu paja amandidziwa bwino. Ndine mtsikana uja ankaimitsa minibasi n'kuuza kondakitala kuti adikire pang'ono, amayi akubwera ndi matumba a chimanga, akupita mpaka ku Mangochi. Ankadikiradi, injini ikulira, okwera akutukwana, ine nditakhala phee kuseri kwa ogulitsa tomato. Ndinenso ndinaika nanzikambe m'chikwama cha mayi woimbitsa kwaya, ndipo tsiku limenelo anafika mawu apamwamba amene sanawafikeponso moyo wake wonse. Sindinapepese. Ngakhale lero ndikazikumbuka ndimaona kuti inali ntchito yogwirika bwino.

Koma sewero limene ndinkalikonda kwambiri linali la pakhomo, la wailesi ya ababa. Iwo anagwira ntchito kunjanji zaka zambiri, ndipo wailesiyo anaigula kutsidya kwa malire: yakuda, yolemera, mlongoti wake wothyoka n'kulumikizidwa ndi waya. Pambali pake panali kabatani kosankhira FM kapena SW. Mudzi wonse umamvera FM. Ababa okha ndi amene ankakankhira kabataniko ku SW, kumene mawu amachokera kumaiko akutali, akubwera n'kumapitanso ngati wolankhulayo akuzungulira nyumba pa njinga. Dzuwa likapendeka pang'ono kunkakhala pulogalamu ya mapemphero ya m'Chilomwe, chilankhulo cha makolo awo amene anachokera ku Mozambiki. Pakhomo pathu palibe amene amachilankhula. Ine ndimangodziwa moni yekha, moseliwa, basi.

Sewerolo linali losavuta. Ndinkang'amba kapepala ka switi n'kukalowetsa pakati pa mabatire. Ababa ankatsegula wailesi, zii. Ankaigwedeza, kuiuzira, kuimenya mbama, kenako n'kutenga mpeni kutsegula kumbuyo konse, timisomali titandandalikidwa pa mphasa. Akakapeza kapepalako ankandithamangitsa mpaka kumunda wa chinangwa, akunditcha kanyani, akuseka mpaka kutsokomola.

Atagwa, wailesiyo inasanduka ntchito yawo yokhayo. Anamwino anatiuza kuti asamangogona m'nyumba, aziothera dzuwa. Choncho ndikaweruka kusukulu, ine ndi amayi tinkawanyamula, ine kumiyendo, amayi kumapewa, n'kukawagoneka pa mphasa m'mbali mwa khoma, mutu pamthunzi, miyendo padzuwa, wailesi pafupi ndi dzanja lamanzere limene linatsala lamoyo.

Tsiku lina ndinaikamo kapepala. Ndinkafuna ndione ngati angakwiye. Anakanikiza batani, zii. Anakanikizanso. Kenako anangobweza dzanja pachifuwa n'kuyamba kuyang'ana nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi nkhokwe. Ine sanandiyang'ane. Ndinadikira mpaka dzuwa linachoka pa miyendo yawo, ndipo ndinatopa n'kupita kukatunga madzi.

Amayi anakapeza kapepalako posintha mabatire. Sanandimenye. Anandikhazika pansi n'kundiuza modekha kuti amalume a ku Nayuchi akhala akufuna mtsikana wowathandiza pa wokala yawo pafupi ndi njanji, wogulitsa shuga, sopo ndi zitenje zochokera kutsidya, ndipo anali atalankhula nawo kale.

"Ukadzangoikhudzanso wailesi iyi," anatero, "sukulu yako yathera pomwepo. Ndilibe mphamvu zolera odwala awiri."

Ku Nayuchi ndinkakudziwa. Msuweni wanga wina anapita kumeneko ali Fomu 2, akuti kukangothandiza pa holide, ndipo pano amabwera kumaliro ndi mwana kumbuyo, wina kumanja. Ndiye wailesi ndinaisiya. Ndinkangoinyamula kuchokera m'nyumba n'kuiika pansi, amayi akuona.

Zinachitika masana ena kukutentha kwambiri, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ababa anali pamalo pawo, mlaliki wa Chilomwe uja ali pakati pa ulaliki. Ine ndinali patali ndithu, pansi pa mtengo wa nimu, lichero pamiyendo, ndikusenda nandolo. Mwadzidzidzi muwailesi munamveka mkokomo ngati mvula yamphamvu ikubwera pa malata, kukwera, kutsika, kukweranso. Utatha mkokomowo, mawu a mlaliki anayamba kumira ngati munthu akulankhula akulowa m'madzi. Kenako anatheratu.

Ababa anapotokola kosakira masiteshoni ndi dzanja lamanzere, kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Kumene nthawi zonse kunkamveka Chipwitikizi, Chiswahili, Chiarabu ndi malikhweru osadziwika mwini, kunalibe aliyense. Anthu onse a m'wailesi anali atasamuka.

Amayi anatuluka m'khitchini manja ali onyowa. Sanafunse. Anatsegula kumbuyo, kutulutsa mabatire, kuwayang'ana mmodzimmodzi, kugwedeza wailesi chozondotsa. Kapepala kunalibe. Anandiimiritsa, kukutumula chitenje changa, kundisecha mpaka m'tsitsi. Atabwezera mabatire anakankhira kabatani ku FM, ndipo muwailesimo wina anakuwa momveka bwino kutsatsa feteleza. Kwa aneba nakonso wailesi inkaimba nyimbo za kwaya bwinobwino. Anabwezera ku SW, zii.

Amayi anati ndiye kuti ndapeza njira yatsopano, yotseka za ababa zokhazo n'kusiya zina zonse. Ndinawauza kuti sindinasunthe pamene ndinakhala, aone makoko a nandolo. Anati manja anga safuna kusuntha kuti achite choipa. Kunena zoona, mawu amenewo anandikomera. Ndinalakalaka zikanakhala zoona.

Patapita nthawi mlaliki uja anayamba kubwerera yekha, pang'onopang'ono, ali kale pa pemphero lotsekera. Amayi anati ndabweza chifukwa ndaona kuti andigwira. Anaimbira amalume foni ine ndili pomwepo, ndipo anagwirizana kuti abwera kumapeto a sabata. Anatulutsa chikwama chamizeremizere pansi pa bedi n'kuchiponya pamapazi anga.

Ndinapinda zovala ndekha. Ndinkayembekezera kuti mwina ndilira, kapena ndikwiya, popeza aka kanali koyamba kundilanga pa chinthu chimene sindinachite. Palibe chinabwera. Ndinangoona kuti siketi yanga ina inali itang'ambika m'mphepete.

M'mawa mwake ndinapita kusukulu monga mwa masiku onse. Pa nthawi yopuma ndinawatsatira amadamu a Fizikisi, mayi wamfupi woyenda pa njinga, amene ndinawabisirapo pampu yawo m'denga la kalasi teremu yonse. Sindinapite kukapempha kuti andipulumutse. Ndinaganiza kuti ngati ndikupita ku Nayuchi chifukwa cha luso limeneli, kuli bwino ndipite ndikulidziwa. Ndinawafunsa kuti munthu angatseke bwanji SW yokha osakhudza FM.

Anandiyang'ana mokayikira, n'kufunsa kuti ndikufuna kuvutitsa ndani. Nditawafotokozera zimene zinachitika, nkhope yawo inasintha. Anafunsa kuti inali nthawi yanji, mkokomo uja unkamveka bwanji, zinayamba ndi mkokomo kapena kuzima. Anatulutsa foni, kukaima pawindo pamene pamagwira netiweki, ndipo anandiitana. Panali mzere woyenda chogona, umene pamalo amodzi unalumpha n'kuima njo ngati chulu. Anati mzerewo ndi muyeso wa ekisireyi yochokera kudzuwa, woyezedwa ndi makina amene ali kumwamba, ndipo chulucho chinali pa nthawi yomwe ine ndinkasenda nandolo. Anandionetsanso chithunzi cha dzuwa, chachikasu, chokhala ndi kadontho koyera kwambiri pambali.

Anafunsa ngati ndimadziwa legeni. Ndinati ndili nayo. Anati sakudabwa.

Ndiye anafotokoza. Dzuwa lili ndi mphamvu ya maginito, ndipo mizere ya mphamvuyo imatulukira kunja n'kupindikira mkati ngati zogwirira za dengu. Popeza dzuwa si mwala koma mpweya wotentha umene umangotakasika, mizereyo imapotana ngati mphira wa legeni amene ukumupota osaleka. Ikafika polephera kupirira imaduka n'kulumikizana mwa njira ina, ndipo mphamvu yonse imene inasungidwa m'kupotana kuja imatuluka nthawi imodzi. Miyala ya legeniyo ndi maelekitironi, tinthu tija tinkajambula m'makope tikuzungulira atomu ngati ana omvera. Kumeneko samvera. Amaponyedwa pa liwiro losatalikirana kwenikweni ndi la kuwala.

Ena amaponyedwa chakunja. Podutsa mu mpweya wopyapyala wozungulira dzuwa amaugwedeza, ndipo kugwedezekako kumatulutsa mafunde a wailesi. Anati n'kutheka kuti mkokomo wa mvula uja unali umenewo, dzuwa lenilenilo likumveka m'wailesi ya ababa. Ena amaponyedwa chapansi, kubwerera kudzuwa, n'kukagunda pamene mpweya uli wothithikana. Amaima mwadzidzidzi ngati minibasi imene yaona mbuzi pamsewu, ndipo mphamvu imene ataya poimapo imatuluka ngati ekisireyi. Mpweya umene augundawo umatentha koopsa, nawonso n'kuyamba kutulutsa ekisireyi yakeyake. Zonsezi zimafika kuno limodzi ndi kuwala kwa dzuwa, m'mphindi zisanu ndi zitatu, choncho palibe amene angakuchenjeze kuti zikubwera. Ukamaziona ndiye kuti zafika.

Ndinafunsa kuti nanga FM inapulumuka bwanji. Anati mawu a FM amachokera pa nsanja ya paphiri n'kubwera molunjika. Koma a SW amachokera kutali kwambiri, ndiye amayamba akwera kumwamba, kukagunda pa mpweya wina umene uli ngati denga, n'kunjanja kubwerera pansi. Ekisireyi ikafika imasintha mpweya wa m'munsi mwa dengalo kukhala ngati bulangete lonyowa. Mawu akalowamo satulukanso. Dzuwa likaleka, bulangetelo limauma lokha, mlaliki n'kubwerera.

Anatsindika kawiri kuti ekisireyi imeneyi sifika pansi. Imathera kumwamba komweko, kutali kuposa kumene ndege zimauluka.

Ndinafunsa ngati munthu angathe kuchita zimenezi yekha. Anati inde, akakhala ndi dzuwa lakelake. Kenako anafunsa chifukwa chimene nkhaniyi yandivutira chonchi, ine amene ndimagona m'kalasi mwawo. Ndinawauza za Nayuchi ngati ndikunena za munthu wina. Anati tikaweruka tipitira limodzi kwathu.

Anafika pakhomo akukankha njinga, ine pambuyo. Amayi anayala mphasa, kutulutsa thobwa, n'kukhala chopinda miyendo ngati kwabwera abusa. Ababa anali pamalo pawo, maso ali kwa mlendo. Amadamu anayamba bwino. Ananena za mphira, za miyala, za denga. Amayi ankangoti eya, eya, mwaulemu, mmene amavomerera munthu wophunzira amene sakumumva. Mpaka amadamu anatchula ekisireyi.

Amayi anaika kapu pansi.

Mawu amenewo ankawadziwa. Ababa atagonekedwa kuchipatala anakawajambula pachifuwa, ndipo amayi anaona zonse ndi maso awo: chitseko cholemera chokhala ndi chizindikiro chochenjeza, kufunsidwa ngati ali oyembekezera, kutulutsidwa kunja, ndi wojambulayo kukabisala kuseri kwa khoma asanakanikize batani.

"Amadamu, mukuti dzulo dzuwa limajambula?"

Amadamu anati tinganene choncho, koma...

"Wojambula wa kuchipatala, wophunzira, wovala zoyera, anathawira kuseri kwa khoma. Awa anali pambalambanda, miyendo padzuwa, malaya osamanga mabatani."

Amadamu anafotokozanso kuti ekisireyi ya dzuwa sifika pansi, imathera kumwamba. Amayi anati koma wailesi inaifika, ndipo wailesiyo inali pa mphasa yomweyo, moyandikana ndi nthiti za ababa. Amadamu anati iyayi, sinaifike wailesi, inangotseka njira ya mawu kumwambako. Amayi anafunsa kuti ngati ikutha kutseka pakamwa pa mlaliki amene ali kudziko lina, ingalephere bwanji munthu amene pakamwa pake patsekeka kale theka. Amadamu anatsegula foni kuti aonetse mzere uja, koma netiweki pakhomo pathu imagwira pachulu pokha. Anayesa kujambula pansi ndi kamtengo. Amayi anayang'ana chojambulacho n'kunena zikomo kwambiri amadamu, mwatithandiza, ndi mawu aja amene amatanthauza kuti nkhani yatha.

Powaperekeza, amadamu anandinong'oneza kuti ndikawalongosolere bwino amayi mtima ukakhala pansi. Ndinati chabwino.

Pobwerera ndinapeza amayi akuwakoka okha ababa pa mphasa kulowa nawo m'nyumba. Pawindo la kuchipinda anakhomapo thumba la feteleza. Za kuti sindinakhudze wailesi anavomera, koma mwa njira yawo: anati nthawi ino si ine. Za amalume sanatchule. Chikwama chinakhalabe pakhomo la chipinda changa, chomanga.

Ababa anakhala m'nyumba masiku otsatirawo. M'chipindamo munkanunkha mankhwala opaka ndi mkodzo, ndipo wailesi inkagwira movutikira chifukwa cha malata. Ndinkawapititsira phala, kuwapukuta pakamwa, kutuluka. Ndinkaganiza kuti mwina ndiyenera kumva chisoni. Ndinkangomva kutentha.

Amalume anafika Loweruka, nsapato zili mbuu ndi fumbi, atanyamula botolo la mafuta ophikira a kutsidya. Analowa kukaona alamu awo, anatuluka akupukusa mutu, n'kufunsa chifukwa chimene munthu wodwala akusungidwira mumdima ngati fodya. Amayi anawafotokozera zonse, ndipo m'kufotokoza kwawo dzuwa linali litasanduka makina aakulu a chipatala opanda chitseko. Amalume anati zimenezo sanazimvepo, koma masiku ano zinthu zasintha, ngakhale mvula sikubweranso mwakale. Anati komabe munthu sangakhale m'nyumba mpaka kalekale, afa ndi zilonda. Amayi anati akudziwa, koma adziwa bwanji tsiku limene dzuwa likujambula ndi limene silikujambula, popeza kumwamba kumaoneka chimodzimodzi.

Ine ndinali pakhomo, nditakhalira chikwama changa. Sindinakonzekere. Zinangotuluka, mmene zimatulukira zabwino zonse.

"Foni ya amadamu imaonetsa. M'mawa uliwonse."

Onse anatembenuka. Ndinati mzere uja ukagona ndiye kuti kuli bwino, ukaima ndiye kuti likujambula, koma pamafunika munthu wodziwa kuuwerenga, ndipo amadamu salola aliyense kugwira foni yawo kupatula ana a m'kalasi mwawo. Zoti mzerewo umaonetsa zimene zachitika kale, osati zimene zikubwera, sindinaone chifukwa chozitchulira. Nkhope yanga inali ngati ya munthu wowerenga mawu m'tchalitchi. Luso limenelo ndili nalo kuyambira kale, koma chaka chimenecho silinkafuna n'khama lomwe, nkhopeyo inkangokhala choncho yokha.

Amalume anati angathe kumaimbira foni amadamuwo. Amayi anati munthu wa boma sungamamuvutitse tsiku ndi tsiku ngati m'bale wako. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti ankafufuza kapepala ka switi m'mawu anga. Kenako anayang'ana chitseko cha chipinda cha ababa.

"Achimwene, mwavutika ulendo," anatero. "Mwanayu ayambe wakhala."

Amalume anadandaula za mtunda, za wokala imene aisiya ndi mlamu wosadziwa kubweza chenji, koma anadya, anagona, ndipo m'mawa ananyamuka ndi thumba la nandolo m'malo mwa ine.

Lolemba nditaweruka, amayi anandichingamira panjira n'kufunsa kuti lero likuti bwanji. Ndinati lagona. Tinawanyamula ababa, ine kumiyendo, amayi kumapewa. Anali atapepuka. Titawagoneka anatsinzina chifukwa cha kuwala, n'kutambasula zala za dzanja lamanzere pa dothi lotentha. Amadamu sindinawafunse kanthu tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse. Iwo ankaganiza kuti ndinalongosola, ndipo anayamba kundiloza m'kalasi ngati mwana wokonda Fizikisi, zimene zinandikakamiza kumawerenga kuti ndisachite manyazi.

Masiku ambiri ndinkati lagona. Koma munthu sunganene zofanana tsiku lililonse, amayamba kukukayikira. Ndiye nthawi zina ndinkabwera nditakwinya nkhope n'kunena kuti lero laima, likujambula. Amayi ankatseka mawindo, kuthamangitsira nkhuku m'khola, n'kuuza aneba kuti alowetse ana. Ena ankalowetsadi. Amayi anaonjezanso lamulo lawo, lakuti tsiku lotero mtsikana amene sanabereke asapite kumjigo kapena kukachapa, pokumbukira funso lija anawafunsa kuchipatala. Lamulo limenelo sindinalitsutse. Chaka chimenecho dzuwa linajambula kwambiri masiku ochapa mabulangete.

Masiku oterowo ndinkakhala pakhomo la chipinda cha ababa, msana kukhoma, kope la Fizikisi pamiyendo. Iwo ankagona chagada, wailesi pachifuwa, mlaliki akubwera n'kumapita. Anamva zonse zimene amadamu ananena tsiku lija, ndipo mutu wawo unali bwinobwino, ndiye ndikhulupirira kuti ankadziwa. Nthawi zina ankatembenuza maso n'kundiyang'ana. Ine ndinkawayang'ananso. Kenako aliyense ankabwerera ku zake.